Mapazi a Wodwala Shuga Pamene Magazi Akutsukidwa

Munthu wodwala shuga amene impso zake zaleka kugwira ntchito amakhala pa mpando maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, makina akutsuka magazi ake. Ntchitoyi imatchedwa dialysis, ndipo m'Malawi imachitika pa zipatala zazikulu za Kamuzu ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Kulikonse kumene ichitika pa dziko lapansi, maso a anthu amathamangira ku mkono ndi ku makina. Mapazi amatsala m'nsapato, chonsecho m'menemo ndimo mumayamba chilonda chodulitsa mwendo.

Shuga amapha mitsempha yomvera, kotero kuti phazi limachita dzanzi. Munthu angaponde munga kapena khala la moto osamva kanthu. Impso zikafooka, mitsempha ya magazi imauma ndi kupanikizika, khungu limang'aluka, ndipo kabala kakang'ono kamakana kupola. Kawirikawiri maso nawonso amakhala atachita chidima ndi shuga yemweyo: mwini phazi salimva, komanso saliona. Ngakhale chidendene chotsamira pa mpando maola anayi chingathe kutuluka chilonda.

Kupima kwake n'kosavuta. Namwino amavula wodwalayo nsapato ndi masokosi, nayang'ana pansi pa phazi, chidendene ndi pakati pa zala. Amamva kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo. Kenaka amakhudza phazi ndi kaulusi ka nailoni kamene kamapindika pa mphamvu ya magalamu 10. Pamene palibe kaulusiko, chala cha namwino chikwanira. Madokotala a ku Ipswich, ku England, anaonetsa m'chaka cha 2011 njira iyi: wodwala atseke maso, namwino akhudze pang'ono nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu pa mapazi onse awiri. Akalephera kumva zala ziwiri mwa zisanu ndi chimodzizo, ndiye kuti dzanzi lalowa.

Malangizo a akatswiri a m'maiko osiyanasiyana a m'chaka cha 2019 anaika munthu wotere, wa dzanzi ndi impso zakufa, m'gulu la pa ngozi yaikulu koposa, loyenera kupimidwa pakapita mwezi umodzi kufikira itatu. Kwa iye sipafunika ulendo wina kapena ndalama ina ya basi. Ali kale m'chipatala, wakhala pansi, ndipo mwa maola anayi aja kupimako kungotenga mphindi zochepa.