NDALAMA ZA BOMA ZOPHUNZITSA NCHITO OTULUKA M'NDENDE KU AMERICA

Munthu akamaliza cilango cace ndi kutuluka pa cipata ca ndende, mabvuto ace sakhala atatha. Afunika cakudya, pogona ndi nchito, koma olemba nchito ambiri amamkana akangomva kuti anali mkaidi. Tero ambiri amabwerera ku njira zao zakale.

Ku United States, boma linatsatira akaidi amene anamasulidwa mu 2005 m'zigawo 30 za dzikolo. Lipoti la mu 2018 linaonetsa kuti pa anthu 100 alionse, 68 anagwidwanso zisanathe zaka zitatu, ndipo pofika zaka zisanu ndi zinai anali 83.

Poona bvuto limeneli, nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lochedwa Second Chance Act, ndiko kunena mwai waciwiri. Mtsogoleri wa dziko, George W. Bush, analisaina mu April 2008. Lamulolo lilola boma kupatsa ndalama maboma a zigawo, makhonsolo ndi mabungwe osafuna phindu, kuti athandize otuluka m'ndende kuphunzira nchito, kupeza nyumba ndi kuleka mankhwala ozunguza bongo.

Komatu kulola ndi kupatsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lamulolo linalola madola 165 miliyoni pa caka, koma m'caka ca boma ca 2009 aphungu anatulutsa madola 25 miliyoni cabe. Caka ciri conse ndalamazi ziyenera kupemphedwanso, ndipo mabungwe ophunzitsa sakhala ndi citsimikizo ca mawa.

Otsutsa amafunsa kuti, kodi msonkho wa anthu osalakwa upite bwanji kwa mbala, pamene ana ao eni ace akusowa nchito? Funsoli nlomveka, koma yankho lace liri m'ciwerengero.

Mu 2013 bungwe lofufuza la RAND linasanthula za maphunziro opatsidwa kwa akaidi akali m'ndende. Linapeza kuti kwa ophunzirawo mpata wobwerera kundende unacepa ndi magawo 43 pa 100. Kwa amene anaphunzira nchito zamanja, mpata wopeza nchito atatuluka unakula ndi magawo 28 pa 100. Ndiponso dola imodzi iri yonse yogwiritsidwa pa maphunzirowo inapulumutsa madola anai kapena asanu amene akanaonongedwa powasunganso m'ndende.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Mkaidi amadya, kubvala ndi kulondedwa ndi ndalama za msonkho. Koma kalipentala, makanika kapena womanga nyumba amadyetsa banja lace, napereka iye mwini msonkho.

Mu December 2018 lamuloli linapatsidwanso mphamvu kudzera mu First Step Act, mobvomerezana zipani zonse ziwiri zazikulu za dzikolo. Akulu akale anati kupatsa nkuika. Dziko likakana kulipira mphunzitsi wa nchito lero, lidzalipira mlonda wa ndende mawa, ndipo mtengo wace udzakhala wokwera.