Galimoto zoima m'mawodi mwathu: zikonzedwe mvula isanagwe

M'mawodi ambiri a boma lathu simusowa galimoto imene yatha miyezi itaima pansi pa mtengo: pikiapu ya kopaletivi ya alimi, minibasi ya mpingo, kapena njinga yamoto imene inkanyamula odwala. Eni ake amati akudikira ndalama zoikokera ku galaja ya m'tauni. Komatu nthawi zambiri chimene chinaiimitsa n'chaching'ono, choti makanika wa pamsika wathu womwewu akadachikonza tsiku limodzi.

Chowononga kwambiri n'kudikirako. Galimoto ikaima, batire imatha moto m'masabata ochepa, ndipo ikakhalitsa choncho siichajikanso. Matayala amaphwa n'kung'aluka ndi dzuwa, mabuleki amachita dzimbiri, makoswe amamanga zisa mu injini n'kumateketa mawaya. Ndiye pali anthu: wina abwereka batire, wina tayala, wina sitata, onse akulonjeza kubweza mawa. Pakutha pa chaka, galimoto imene inkafuna lamba wa injini yekha yasanduka chigoba chogonamo nkhuku.

Amisiri alipo pafupi. Chikhazikitsireni bungwe la TEVETA mu 1999, komanso makoleji a zaluso a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, achinyamata ambiri aphunzira ntchito zamanja n'kubwerera kumudzi. Enanso anaphunzira pothandizira m'magalaja, ndipo sitiwapeputsa. Kusintha oyilo ndi mafyuluta, kuika mabuleki atsopano, kumanga masipiringi, kuwotcherera ekizozi, kulumikiza mawaya a nyali, zonsezi zimatheka konkuno. M'misewu yathu yafumbi, ndi bwino kusintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse, ndipo fyuluta ya mpweya imafuna kukuntha pafupipafupi. Ogula dizilo wa m'zigubu adziwe kuti madzi ndi zinyalala za m'mafuta otere n'zimene zimapha mpope wa dizilo, chipangizo chodula kwambiri.

Koma si zonse zimene zingachitike pansi pa mtengo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Sienta, zili ndi kompyuta. Nyali ya injini ikayaka pamafunika makina oyezera, osati kungosinthasintha zipangizo mongoyerekeza. Ndipo chitsulo cha chiwongolero chikathyoka chisawotchereredwe ayi. Chigulidwe china, pakuti chowotcherera chikadzaguluka pamtsetse, galimoto itadzaza anthu, palibe dalaivala angaiwongole. Makanika wachilungamo amanena yekha pamene ntchito yamukulira.

Madandaulo amene amafika kwa makhansala ndi mafumu amakhudza kwambiri ndalama. Choncho komiti imene ikuyang'anira galimoto ya gulu ilembe pangano ndi makanika pamaso pa mboni: chavuta n'chiyani, zipangizo ziti zigulidwe, ntchito ndi ndalama zingati, idzatha liti. Ndalama ya sipeya ikhale payokha, ya ntchito payokha, ndipo yantchitoyo imalizidwe galimoto itayenda. Wopita kukagula sipeya atenge nambala ya chasisi pamodzi ndi chipangizo chakalecho kuti akafananize, ndipo abwere ndi lisiti. Zipangizo zochotsedwa zibwezedwe kwa eni galimoto. Pogula matayala akaunjika, onani manambala anayi omalizira a m'mbali mwake: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapazi ake akuoneka abwino.

Galimoto za boma, monga ambulansi ya pachipatala, zili ndi njira yakeyake. Ngakhale mudzi utasonkha ndalama ndi mtima wabwino, sikololedwa kungoitana makanika kuti atsegule injini. Kukonza kwake kumadzera ku ofesi ya zaumoyo ndi ku khonsolo, motsata malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma. Chimene anthu angachite n'kudziwitsa komiti ya chipatala, VDC ndi ADC, kuti khansala akaifikitse nkhaniyo ku khonsolo msanga, komanso kulondera galimotoyo kuti zipangizo zisasololedwe.

Mvula ikayamba mu Novembala, misewu yambiri ya m'midzi imaterera, kukatenga sipeya kumavuta, ndipo ndi nthawi yomweyo imene feteleza ndi mbewu zimafuna zonyamulira. Galimoto ikakonzedwa, isanabwerere pamsewu, eni ake aonetsetse kuti inshuwalansi ndi COF yochokera ku Road Traffic sizinathe.