Penti wa ufa pa reel ya m'nyanja ya mchere: zonenedwa ndi zoona zake

Ku Montauk, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ku America, owedza ambiri amakakamirabe ma reel akale a Penn 704Z ndi 706Z, tizipangizo tokulungira chingwe cha mbedza. Penti wake akasupuka, amapita nato kwa mmisiri wa powder coating, penti wa ufa uja timamuona pa mageti ndi pa zitsulo za m'mawindo. Ambiri amabwerako ndi mawu amodzi: tsopano mchere wagonja.

Sunagonje ayi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, ndipo mcherewo umangofuna pong'ambika pamodzi. Reel ikagunda mwala, penti n'kukalika, madzi amalowa pansi pake. Dzimbiri la aluminiyamu, loyera ngati ufa, limayenda mobisa ngati chiswe m'phaso, pamwamba pakuwala bwinobwino. Tsiku lina mumangoona timizere totukuka, mukakanda ndi chikhadabo penti n'kuchoka chigamba chonse. Choipa kwambiri chimachitika pamene bawuti ya stainless yakhudzana ndi aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikanyowa ndi madzi a mchere, aluminiyamu ndi amene amadyeka, ndipo mtundu wa penti ulibe nazo kanthu.

Ena amati penti wochindikala ndiye wolimba. Pa geti mwina n'zoona, koma reel ndi makina. Penti wa ufa amachindikala mamilimita 0.06 mpaka 0.1, pomwe anodizing wamba, khungu lolimba la pamwamba pa aluminiyamu, sapitirira mamilimita 0.025. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma ufa ukalowa m'bowo lokhalamo bearing kapena m'mazinga a bawuti, bearing imakana kulowa, chivundikiro cha m'mbali chimakhala mopendekera, magiya n'kuyamba kulira. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amatha nthawi yambiri akutseka mabowo ndi tizitsekero ta silicone ndi tepi yosapsa. Kupopera kwenikweniko n'kwa mphindi zochepa chabe.

Nanga zoti reel iliyonse ingapakidwe? Ufawu umamatirira ku chitsulo ndi mphamvu ya magetsi, kenako umasungunuka mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20. Reel ya thupi la graphite kapena pulasitiki singapirire moto umenewo. Ngakhale aluminiyamu wothiridwa m'chikombole, monga wa ma Penn akale aja, ali ndi vuto lake. Amakhala ndi timpata ta mpweya m'kati, ndipo akatentha mpweyawo umatuluka n'kuboola penti timabowo tonga ta singano. Mmisiri wosamala amayamba wawotcha chitsulocho chopanda penti kuti mpweya ndi girisi wakale zituluke.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi munthu wopala reel ya anodizing yabwinobwino, monga Penn International kapena Van Staal, pofuna mtundu wofanana ndi boti lake. Anodizing sachita kupaka. Ndi aluminiyamu yemweyo amene wasandutsidwa khungu lolimba pamwamba, choncho sasupuka. Kuchotsa khungu limeneli n'kuikapo penti n'kudzibweza m'mbuyo, kukongola kwake kukhale kotani.

Musanapereke reel yanu, funsani mmisiri kuti ufa wake ndi wamtundu wanji. Wa epoxy umamatira kwambiri koma dzuwa limaufwifwitsa msanga. Wa polyester ndi umene umapirira panja.

Tsono ngati reel yanu ndi yakale, yachitsulo, ndipo penti wake watha kale, ipititseni. Ingoonetsetsani kuti aipala mpaka chitsulo chioneke, aitsuka mafuta onse ndi kuikonza ndi mankhwala asanapopere. Mukamaimanga pakani girisi pa bawuti iliyonse, ndipo pochokera kunyanja muziitsuka ndi madzi opanda mchere monga kale.