Makoko a Mazira M'manja mwa Mwini Khola

Inu amene mukutimvera ku Balaka ndi ku Ulongwe, ku Liwonde, ku Ntaja mpaka ku Nayuchi, lero tifuna tikambirane za ndakatulo ina yaifupi, yoti munthu nkuimaliza madzi a phala asanawire. Anailemba ndi Jack Mapanje, mwana wa ku Mangochi, wobadwa m'chaka cha 1944, ndipo ili m'buku lake lotchedwa Of Chameleons and Gods, limene linasindikizidwa ku London mu 1981. Dzina lake m'Chingerezi ndi "Song of Chickens", ndiye kuti nyimbo ya nkhuku.

M'ndakatuloyi olankhula ndi nkhuku, ndipo zikulankhula kwa mbuye wao. Zikumkumbutsa za masiku aja ankazitchinjiriza kwa kabawi ndi uta ndi legeni. Tsono zikudabwa poona kuti zida zija anazitaya, watola mpeni, ndipo magazi amene akukhetsa lero ndi a nkhuku zake zomwe. Pamodzi ndi magaziwo, m'manja mwake muli makoko a mazira. Potsiriza zikumfunsa ngati akuchita zonsezi pofuna kuti alendo amtame.

Mwina ena a inu mwayamba kale kung'ung'udza. Kodi kuphera mlendo nkhuku kunasanduka tchimo liti? Inde, kwathu kuno mlendo akafika, ana amathamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, ndipo pakhomo pamene sipachitika zotere timapanena. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nchifukwa chake timamlandira ndi manja awiri. Nkhuku imawetedwa kuti tsiku lina idzadyedwe, ndipo mlakatuli wokulira kumudzi sangalephere kudziwa zimenezi. Ndakatuloyi ikadakhala yodandaula za mpeni wokha, bwenzi ili yopanda mutu.

Pamene pagona nkhani ndi pa makoko a mazira paja. Mai aliyense woweta nkhuku adziwa kuti mlendo amapheredwa tambala wapadera kapena thadzi limene laleka kuikira. Thadzi lofungatira salikhudza, ngakhale mlendoyo akhale mfumu kapena wansembe. Mazira ali m'chisa aja ndiwo anapiye a mwezi wa mawa, ndiwo misoti imene idzagulitsidwe mwana akadwala kapena akafuna makope a kusukulu. Woswa mazira sakupha nkhuku imodzi ai, akutha khola lonse. Apa ndipo pamene mlakatuli walekanitsa kudya ndi dyera. Wakudya amatapa pa zimene zilipo nasiya mbeu. Wadyera amadya ndi mbeu yomwe.

Ndipo taonaninso chimene chamchititsa. Nkhuku sizikunena kuti mbuye wao wagwidwa ndi njala. Zikumkaikira kuti akufuna ulemu pamaso pa anthu akunja. Ambirife tikamva mau akuti dyera timaganiza za mimba, koma lilipo dyera lina la maso a anthu, lofuna kutchedwa bwana, ndipo limeneli silikhuta, pakuti mlendo wina akachoka wina amafika.

Amene anawerenga ndakatuloyi m'masiku a Dr. Kamuzu Banda sanavutike kumasulira. Kabawi anali atsamunda ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinatha mu 1963, ndipo woteteza uja anali mtsogoleri amene ankatchedwa Nkhoswe ya mbumba yonse. Za alendo, ambiri amakumbukira ulendo wa John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, amene analandiridwa mwaulemu kuno mu May 1970. Mazira oswedwa nawonso sanali osowa. Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa mu 1971, linkagula thonje, mtedza ndi fodya kwa alimi aang'ono pa mitengo yotsika, ndipo phindu lalikulu linkapita ku maesiteti a anthu ochepa. Alimi a thonje a kuno ku Balaka amene ali ndi imvi safuna kuwafotokozera zimenezi. Sitikana kuti kabawi anapirikitsidwadi. Ndakatulo yomwe siikana. Ikuyamba ndi kuyamika. Nchifukwa chake ikuwawa.

Akristufe tikamva za chiweto chophedwa chifukwa cha mlendo, timakumbukira fanizo limene mneneri Natani anauza mfumu Davide m'buku lachiwiri la Samuele, mutu 12. Munthu wolemera, wa ziweto zambiri, atalandira mlendo anakalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi nakaphera mlendoyo. Koma pali kusiyana kumene tiyenera kukuona. Wolemera wa m'fanizo anaumira zake nalanda za mnzake, ndipo mmphawi uja anali ndi mfumu yoti imve mlandu wake. M'ndakatulo ya Mapanje wakuba ndi mlonda ndi munthu mmodzi yemweyo. Nkhuku imadziwa kuthawa kabawi: ikaona chithunzithunzi chake pansi imalira, anapiye nabisala m'mapiko. Koma kwa mwini wake imathamangira yokha, pakuti ndiye amaiwazira gaga. Nanga ikadandaule kwa yani?

Tisafulumire kuiika ndakatuloyi pa mutu pa munthu mmodzi amene anamwalira kale mu 1997. Mu 2001 ndi 2002, boma lili la zipani zambiri, njala inapha anthu m'dziko muno chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa pafupifupi chonse. Nkhokwe ija inamangidwa kuti ititeteze. Ndipo makola aang'onoang'ono alipo pakati pathu: malume amene anasiyiridwa ana amasiye nagulitsa munda wa malemu, mwini mbumba wopereka malo a mudzi kwa munthu wandalama wochokera kutali, bambo wogulitsa chimanga chonse mwezi wokolola kuti anzake amuone ku bawo ndi ku mowa, ngakhale ife a mumpingo tikamasonkhetsa amai amasiye kopitirira kuti phwando la mlendo wolemekezeka likome.

Koma pano tichenjere, makamaka inu akatekisiti pophunzitsa m'miphakati. Alipo anthu amene amaswa mazira chifukwa cha njala yeniyeni. Mai amene wakazinga mbeu ya chimanga mwezi wa January kuti ana agone atadya, mnyamata wootcha makala m'mapiri a Machinga, msodzi wa ku Chilwa kapena ku Chiuta wokokola timatemba tosakhwima ndi neti ya udzudzu, onsewa akudya za mawa, ndipo iwo eni akudziwa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo amene anaona matope ake ong'ambika adziwa kuti madzi ndi nsomba zimatha. Komabe ife tiona kuti si iwowa amene ndakatuloyi ikuwaloza chala. Alibe mlendo woti amuonetse ulemerero. Pofuna wa mpeni, tiyang'ane amene amabwera ndi lole usiku kudzagula matumba a makala aja pa mtengo wolira, ndi amene anaikidwa pa mseu kuti aletse koma amatembenuka nkuyang'ana kwina.

Chatsala ndi kufunsa kuti nkhuku ipulumuka bwanji. Ilibe mano, ilibe nyanga. M'ndakatuloyi ili ndi zinthu ziwiri zokha: ikukumbukira zimene mbuye wake anali, ndipo ikufunsa. Siikutukwana, siikuopseza, ikumutchabe mbuye. Ndi momwe makolo athu ankadzudzulira mafumu, kudzera m'nyimbo za pamtondo ndi m'nthano za kalulu, kuti mau afike koma wonena atsale ndi moyo. Ngakhale kubisa kotero sikunamtchinjirize mlakatuli mpaka kalekale. Buku lake linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu mu 1985, ndipo pa 25 September 1987 anamgwira ku Zomba, kumene anali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College. Anakhala m'ndende ya Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri popanda mlandu uliwonse womzenga, mpaka mu May 1991.

Pasanathe chaka atatuluka, pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse. Inanena poyera, popanda nkhuku kapena nanzikambe, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yotsika ya mbeu za alimi ndi za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kalatayo inasindikizidwa kuno ku Balaka, pa makina a Amontfort, ndipo patangopita masiku owerengeka nyumba ya makinawo anaiika moto.