Kodi Mumadziwa? Timawu Tiwiri ta Chingerezi, "if" ndi "that"

Kodi mumadziwa kuti Mngerezi akayamba ndi "if" ponena za mawa, mneni wake amakhala wa lero? Amati "If it rains tomorrow", ndipo mukalowetsapo "will" aphunzitsi amatulutsa cholembera chofiira. Mawa lathunthu latsamira pa kachilembo kamodzi, "s"!

Akamalakalaka za lero ndiye amathawira dzulo. Womuuza mnzake kuti "If I had money" sakukumbukira za chaka chatha ayi, akudandaula kuti m'thumba mwauma panopa. Mabuku a sukulu amagawa ziganizo zoterezi m'magulu 4, koma kuwerenga kwake kumayambira pa 0.

Nanga "If I were you"? Tonse tinaloweza kuti "I" amayenda ndi "was", ndiye "were" ameneyu walowera pati? Si cholakwa, ndi chotsalira cha Chingerezi chakale chonenera zongoyerekeza, ndipo Beyoncé anachiika pa mutu wa nyimbo yake ya 2008, "If I Were a Boy", chili ndi zaka zoposa 1,000.

Nthawi zina "if" mutha kumuchotsa osataya kanthu: tembenuzani mawu, munene kuti "Had I known". Atatu amenewo, pomwe ife timangoti "ndikadadziwa" n'kumaliza ndi liwu limodzi.

Rudyard Kipling anatulutsa ndakatulo yotchedwa "If—" mu 1910, ndipo mu 1995 anthu a ku Britain anaivotera pa BBC kuti ndiyo ya pamtima pawo. Ili ndi mizere 32, koma mphotho ya "if" onse a m'ndakatuloyo simuimva mpaka mzere wa 31. Mpweya ungakufikitseni?

Tibwere kwa "that", amene amatsegulira noun clause, kachiganizo kogwira ntchito ya dzina m'kati mwa chiganizo chachikulu. Funso likalowa m'menemo limasiya kuyenda ngati funso: "Where is he?" amasanduka "I know where he is". Timawu tiwiri tangosinthana malo, koma malikisi ambiri amathera pomwepo.

Tsono tawerengani ichi mokweza: "She said that that 'that' that that boy wrote was wrong." Woyamba watsegula noun clause, wachiwiri ndi wachisanu akuloza, wachitatu ndi liwu lomwe mwanayo analemba, wachinayi akulumikiza. Palibe cholakwika chilichonse, ndipo "that" afola 5 motsatizana!