Mapologalamu Oba Ndalama Kubanki ndi Njira Zodzitetezera

Kale mbala yofuna ndalama za m'banki inkayenera kuthyola chitseko. Masiku ano, popeza anthu ambiri amatumiza ndi kulandira ndalama pakompyuta kapena pafoni, mbala ikhoza kukhala kutsidya kwa nyanja n'kukokolola ndalama za munthu amene sidamuonepo. Chida chake ndi pologalamu yoipa, imene pa Chingerezi amati malware. Dzinali limaphatikiza mapologalamu onse olembedwa ndi cholinga choononga, kuzonda kapena kuba. Olemba ambiri amangotchula onseŵa kuti vairasi, koma kutero n'kusakaniza zinthu zosiyana.

Vairasi imadziphatika ku mapologalamu ena n'kumadzichulukitsa. Koma ambiri mwa mapologalamu oba kubanki ndi a mtundu wa Trojan. Dzinali lidachokera ku nthano ya Agiriki ya hatchi yamatabwa imene anthu a mumzinda wa Troy adailoŵetsa okha m'linga lawo poyesa mphatso, osadziŵa kuti m'mimba mwake mudabisala asilikali. Trojan nayonso siloŵa mwa mphamvu. Imabwera ngati kalata ya ngongole, uthenga wa kubanki kapena pologalamu yaulere, ndipo mwini kompyuta amaitsegulira yekha. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsanzo chodziŵika kwambiri ndi Zeus, imene idatulukiridwa m'chaka cha 2007. Ikaloŵa m'kompyuta inkakhala chete mpaka munthu atatsegula tsamba la banki yake. Pamenepo inkaŵerenga chilembo chilichonse chimene iye akulemba, n'kutumiza dzina ndi mawu ake achinsinsi kwa eni chiŵembucho. Inkathanso kuonjezera mafunso abodza patsamba lenileni la banki, monga lofunsa nambala yachinsinsi ya khadi, ndipo munthu ankayankha mosakayika chifukwa adiresi ya tsambalo inali yoona. Ndalama zobedwa zinkadzera m'maakaunti a anthu olembedwa ganyu yozilandira ndi kuzitumiza kwina, kuti mapazi a mbala asoŵe.

M'chaka cha 2011 malangizo opangira Zeus adaulutsidwa paintaneti, ndipo magulu ena adapanga mitundu yawoyawo. Mtundu wotchedwa Gameover Zeus udagwira makompyuta pakati pa 500,000 ndi 1 miliyoni, ndipo boma la America lidaŵerengera kuti udabetsa madola oposa 100 miliyoni. Apolisi a maiko angapo adaufooketsa mu 2014, ndipo mu 2015 boma la America lidalonjeza madola ofika 3 miliyoni kwa wothandiza kugwira Evgeniy Bogachev wa ku Russia, amene adaimbidwa mlandu woutsogolera.

Mabanki atayamba kutumiza nambala yotsimikizira pafoni, mbala zidatsatira komweko. Mu 2010 kudapezeka mtundu wa Zeus wa m'foni umene unkalanda mauthenga otere. FluBot, imene idabuka ku Spain kumapeto kwa 2020, inkafika ngati uthenga wonena za katundu wa papositi. Wodina pamalo osonyezedwawo ankauzidwa kuika pologalamu yolondolera katunduyo. Ikaikidwa, inkapempha chilolezo choona zonse zooneka pagalasi la foni, n'kumaphimba pologalamu ya banki ndi tsamba lonamizira, ndiponso kudzitumiza ku manambala osungidwa m'fonimo. Apolisi a ku Netherlands adaithetsa mu 2022.

Pa zitsanzo zonsezi chinthu chimodzi sichisintha: mbala imadalira changu ndi chikhulupiriro cha mwini ndalama. Choncho chitetezo chimayambira pa makhalidwe aŵa:

1. Munthu asatsegule chikalata chomatidwa ku imelo yosayembekezeka, ngakhale ikhale ndi chizindikiro cha banki. Ngati akukayika, aimbire banki panambala yolembedwa pakhadi lake, osati imene ili muuthengamo.

2. Poloŵa kubanki, alembe yekha adiresi ya tsamba kapena atsegule pologalamu ya bankiyo, m'malo modina pamalo otumizidwa muuthenga.

3. Mapologalamu a m'foni atengedwe ku Google Play kapena App Store basi. Ngakhale kumeneko oipa ena amazemberamo, choncho tochi kapena maseŵero opempha kuŵerenga mauthenga akanizidwe.

4. Kompyuta ndi foni zizilandira zokonza zimene opanga amatumiza, pakuti zimatseka ming'alu imene mbala zimadzera. Pologalamu yoteteza nayonso izikonzedwa kaŵirikaŵiri.

5. Mawu achinsinsi a kubanki asagwiritsidwe ntchito kwina kulikonse, ndipo nambala yotsimikizira isauzidwe munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito kubanki.

6. Za kubanki zisachitikire pakompyuta ya anthu onse, monga ya m'sitolo ya intaneti.

Munthu akaona ndalama zatuluka iye osadziŵa, kapena tsamba la banki likufunsa zachilendo, aleke pomwepo ndi kudziŵitsa banki kuti itseke akauntiyo. Mawu achinsinsi asinthidwe pa chipangizo china, chifukwa kusinthira pa chogwidwacho n'kupatsa mbala kiyi watsopano. Pambuyo pake chipangizocho chifufutidwe n'kuikidwa mapologalamu mwatsopano, ndipo nkhaniyo ikanenedwe kupolisi. Kuchedwa kumaononga, pakuti ndalama zikadutsa m'maakaunti angapo zimavuta kubweza.

Ambiri obedwa amabisa chifukwa cha manyazi, poganiza kuti adapusa. Koma mapologalamu ameneŵa adanyengapo ngakhale makampani aakulu okhala ndi akatswiri awo. Wonena msanga amapulumutsa zotsala zake, ndiponso amachenjeza anzake amene uthenga womwewo uli m'njira kupita kwawo.