Mabuleki Potsika Phiri la Thabwa

Aliyense wotsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amalidziwa fungo la mabuleki opserera pa makona a ku Thabwa. Ife othandiza zaumoyo mumpingo timadutsapo kawirikawiri, nthawi zina tikuchokera kokasiya wodwala ku Queen Elizabeth.

Wogulitsa masipeyala angakuuzeni kuti disiki ya mabuleki yopepuka imapulumutsa mafuta. Pa Sienta yodzaza anthu ndi matumba a chimanga, kusiyanako simungakuone n'komwe. Ntchito ya chitsulocho ndi kumwa kutentha. Chikadyeka n'kupyapyala chimatentha msanga, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo mukaponda phazi limangomira, galimoto osaima.

Pa madisiki ambiri panalembedwa "MIN TH" ndi nambala ya mamilimita. Makaniko apime. Ikachepera pamenepo, sinthani onse awiri, kumanja ndi kumanzere. Kupalitsa yakale n'kotchipa, inde, koma kumadyanso chitsulo chomwecho.

Abale ndi alongo, tisanabwereke galimoto yopita kumsonkhano wa misasa, madikoni afunse za zimenezi mosachita manyazi. Woyendetsa naye atsike phirilo pa giya yotsika, asalemetse mabuleki, mpaka msewu uwongoke kulowera ku mlatho wa Kamuzu.